Mchere wa Miyezi Isanu

Kwathu ku Milonde mkazi sankatha kubisa za thupi lake, mphika unkamuulula. Ukakhala kumwezi suthira mchere m'ndiwo, umaitana wina adzakuthirire, kuopa kudwalitsa anthu. Choncho amayi anga, aJaneti, sankavutika n'kundifunsa kanthu. Ankangokhala pakhonde n'kutchera khutu kuti amve ngati ndiwaitana.

M'chaka cha 1956, kuyambira Meyi mpaka Seputembala, sindinawaitane. Miyezi isanu ndinkathira ndekha mchere mu nandolo. Amayi anayamba kuyenda mwamatama, kundiletsa kusenza mtsuko waukulu, kunong'oneza anzawo kuchitsime kuti Esteri uja tsopano zatheka. Zaka zisanu ndi chimodzi ndili pabanja popanda mwana, ndani akanawaletsa kusangalala?

Koma ine ndinkadziwa kuti m'mimba mwanga munalibe kanthu. Thupi langa linali lotero chithere chinamwali. Anzanga ankasamba mwezi ndi mwezi, ine kawiri kapena katatu pachaka. Kale ndinkanamiza amayi, mwezi uliwonse ndinkawaitana masiku anayi kuti aziyesa zonse zili bwino. Chaka chimenecho ndinatopa nalo bodzalo n'kulisiya, osadziwa kuti ndikugwera m'bodza lalikulu kuposa loyamba. Ndinali wonenepa kale, ndiye aliyense ankaona pamimba panga zimene ankafuna kuona. Pachibwano pankamera ndevu, ndipo ndinkazizula m'mawa kuseri kwa nkhokwe, zala nditapaka phulusa.

Amene ankadziwa anali mwamuna wanga yekha, Elson, mkamwini wochokera ku Chitakale, wothyola tiyi kuesiteti. Mu Ogasiti tinapita tonse kuchipatala cha mishoni, kwathu titanena kuti tikukagula nsalu. Mzamba anandipima, anayang'ana chibwano changa, n'kunena kuti pathupi palibe. Anati mazira anga amachedwa kukhwima, ndipo akazi otere ena amabereka ndithu, kungoti mochedwa. Anandiuza kuti ndichepetse thobwa ndi nzimbe, ndisasiye khasu, ndipo anandipatsa chingwe kuti ndizimanga mfundo nthawi iliyonse ndikasamba, adokotala adzaone.

Tili m'njira pobwerera, Elson anati, "Amayi mukawauze nokha, ndi amayi anu. Ine pakamwa panga sipatuluka kanthu."

Ndinavomera, koma sindinawauze. Ndinkaopa dzina lakuti chumba. Ndinali nditaona zimene ankamuchita Rosie wa kutsidya: akati anyamule khanda la mnzake, mwini wake ankathamanga kudzamulanda ngati wawona njoka.

Magazi anabwera mu Okutobala, masana dzuwa likuswa mtengo, ndili kumunda ndi amayi. Akachedwa chonchi amabwera ambiri, ndi zibulumwa zomwe. Amayi ataona nsalu yanga anaponya khasu n'kugwira kumutu.

"Mwana wanga wapita padera," analira. "Mimba ya miyezi isanu siichoka yokha. Mkamwini uja wayenda ndi mkazi wina, wakusempha."

Pamenepo mpamene ndikanalankhula. Ndinatsegula pakamwa, ndinaona misozi yawo, ndinatsekanso. Anandigoneka pamphasa m'nyumba, n'kuthamangira kwa mlongo wanga Pilato, mwini mbumba. Pilato anali munthu woti akakwiya makutu amatsekeka, ndipo Elson sanamukondepo chifikire pamudzi.

Elson anafika cha m'ma fili koloko, thukuta la kutiyi lisanaume. Anapeza Pilato ndi amuna ena awiri akumudikira pabwalo. Ine ndinkaona zonse pamng'alu wa chitseko. Asanapereke moni, chibakera chinamugwera pakamwa, dzino linagwa m'fumbi. Anamugwetsa, anam'manga miyendo ndi luzi, n'kumukwekwerezera patsinde pa mango.

"Tchula dzina lake," anatero Pilato. "Wapha mwana wa mlongo wanga chifukwa cha hule liti?"

"Alamu, kulibe mkazi wina."

Nsungwi inamugwera pamsana mpaka inang'ambika. Pilato anatenga ina. Malaya ake a kaki anamatirira pathupi ndi magazi. Amayi ankazungulira pambali akukuwa kuti wadya nsima yathu zaka zisanu ndi chimodzi n'kutilipira ndi maliro. Anthu a m'mudzi anabwera kudzaonerera, chifukwa mkamwini akamamenyedwa palibe amene amapsa mtima.

Elson anatembenuza mutu n'kuyang'ana chitseko changa. Kamodzi kokha. Mawu awiri okha, akuti panalibe mimba, akanamupulumutsa, koma iye anali atalonjeza m'njira muja, ndipo chitsiru cha munthu wabwino chija chinasunga lonjezo. Ine ndinaluma mphasa kuti ndisamveke. Ndinkadziuza kuti atopa posachedwa. Ndimachita manyazi mpaka lero, ndipo ndiyenera kutero.

Pilato sanatope. Anagubuduza mtondo wa amayi, anauvundikira, anauza amuna aja kuti agwire dzanja lamanja la Elson pamwamba pake. Kenako ananyamula munsi.

"Dzanja ili ndi limene lagwira mkazi wina," anatero.

Munsi utatsika, phokoso lake linali ngati la makaka a chinangwa akamasweka mumtondo. Elson anakuwa mawu amene sindinamvepo kwa munthu wamkulu. Munsi utakweranso kachiwiri, ndinali nditatuluka kale, magazi akuyenderera m'miyendo. Ndinamugunda Pilato ndi thupi langa lonse, ndipo kunenepa kuja kunagwira ntchito tsiku limenelo, anagwa chagada.

"Panalibe mimba!" ndinakuwa. "Achimwene, panalibe mimba. Kumishoni anandipima, mukafunse. Ine ndimasamba kawiri pachaka, mchere uja ndinkakunamizani."

Amayi anapukusa mutu. Anati ndasokonezeka ndi chisoni. Ndinawagwira dzanja n'kulikhulitsa pachibwano panga, pamene tsiku limenelo sindinazule. Analichotsa msanga ngati akhudza mbaula. Pilato anadzuka, anayang'ana munsi, anayang'ana dzanja lili pamtondo, n'kuyamba kusanza.

Amuna omwe anagwira Elson aja ndi amene anamunyamula pamachila kupita naye kuchipatala cha ku boma. Zala zitatu zinafa. Tiyi amathyola ndi manja awiri, ndiye ntchito yake inathera pamtondo paja. Pamudzi dzina ndinkaliopa lija linandipeza sabata isanathe, ndipo kuchitsime amayi a makanda ankasuntha ndikafika.

Tsiku lachitatu ndinapita kukamuona. Nkhope inali yotupa, diso limodzi lotsekeka. Ndinagwada pambali pa bedi, nditakonzeka kuti anditukwane kapena andiuze kuti banja latha. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi diso lotsalalo.

"Munaululiranji?" anandifunsa. "Dzanja linali litasweka kale. Mukanangokhala chete, bwenzi lero akukutchani mayi wotaya mwana, osati chumba."

Ndinalira mpaka odwala a pamabedi ena anatembenukira kukhoma. Iye anadikira kuti ndimalize, kenako anafunsa ngati chingwe cha mzamba chija ndabwera nacho. Chinali m'chiuno mwanga, chopanda mfundo ndi imodzi yomwe. Ndinayesa kumanga ndekha, chingwe chinkangopulumuka. Mfundo yoyamba, ya magazi a tsiku lija, tinamanga awiri, iye atagwira mbali ina ndi dzanja lamanzere.