Kasupe wa Pamalire

"Tsikani muziikankha, achimwene. Phirili silidziwa kuti muli ndi madigiri."

A Mtchona anapitiriza kupalasa. Anali atayimirira pamapedulo, thukuta lili kamukamu, njinga yobwereka ikulira ngati chitseko chadzimbiri. Wonenayo anali mng'ono wawo, amene anali atatsika kalekale n'kumakankha yake, chimimba chili patsogolo. Pambuyo pankabwera mwana wamkazi wa a Mtchona, namwino wongomaliza kumene maphunziro, wobadwira kunja komwe bambo ake anatchona zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Lachinayi mtsikanayu ankayenera kukwera ndege kubwerera kunjako. Bambo ake ankafuna kuti akangolongedza katundu, abwere adzagwire ntchito kuno kwawo, pachipatala cha m'munsi mwa phirilo. Iye anali asanavomere kapena kukana. Ankangoti, "Ndione kaye kasupe wanuyo."

Nkhani ya kasupeyo mtsikanayu anakula nayo. Pamwamba pa phiri, pampata pomwe msewu umadutsa pakati pa nsonga ziwiri n'kutsikira m'dziko lina, madzi ankatuluka m'thanthwe, ozizira mpaka mano kuwawa. A Mtchona ali mnyamata ankapalasa njinga kukafika pamenepo Loweruka lililonse, n'kumwa chogwada, mawondo ali m'dziko lino, mphuno ili m'dziko la eni. Kunjako akatunga madzi pampopi ankayamba awanunkhiza, kenako n'kupukusa mutu. "Awa ndi mankhwala, mwanangu. Madzi sunawamwepo."

N'chifukwa chake m'mawa umenewo anachotsa mabotolo onse m'chikwama cha mwanayo.

"Tinyamuleko limodzi lokha, achimwene," anatero mng'ono wawo, maso ali kumbali.

"Iwe, unayamba liti kundiphunzitsa phiri langa? Tikafike ndi ludzu, ndiye kukoma kwake."

Ludzulo analidi nalo. Koma patatsala makona awiri kuti afike, chimene chinawachingamira si mphepo ija ankaiyembekezera. Linali fungo. Mathiraki anali ndondondo m'mbali mwa msewu mpaka kuchipata cha pamalire, madalaivala atayanika makabudula amkati pamagalasi. M'ngalande munali mabotolo mbwee, otsekedwa bwinobwino, odzaza ndi zamadzimadzi zachikasu zomwe zinkachita thovu padzuwa.

"Adadi, amenewa ndi mafuta?"

"Usayang'ane."

"Mafuta a m'thupi, mwana wathu," anaseka bambo ake aang'ono. "Munthu akadikira mapepala masiku anayi, ungamuuze chiyani?"

A Mtchona analavula. Mitengo ija inkachita mthunzi pampata panalibe ndi chitsa chomwe. M'malo mwake munali timashopu tamalata, nyimbo zitatu zikulimbana nthawi imodzi, ndi galu wankhanambo akunyambita thewera la mwana lomwe wina anataya. Mabuku onse amene anawerenga a anthu obwerera kwawo anali atawachenjeza kuti akapeza nyumba yachepa, anzawo akalamba. Palibe limodzi lomwe linanenapo za fungo.

"Izi ndi za pamsewu," anatero mokweza. "Kasupe ali kuseri. Thanthwe munthu sangaliwononge."

Anatsamiritsa njinga pampanda n'kutsetsereka ndi kanjira kakumanzere. Miyendo inkakumbukira yokha. Thanthwe linalipodi, ndipo madzi ankatulukabe pamng'alu womwewo. Koma pomwe pankakhala dziwe loonekera mchenga panali chithaphwi chotuwa ngati madzi otsukira mbale, pamwamba pake patayandama timapepala tofewa. Ntchentche zobiriwira zinadzuka zonse pamodzi kuti wuu. Mtsikana uja anakoka kolala ya malaya n'kutseka mphuno.

Pamwamba pa thanthwe panatulukira paipi yakuda, ikudontha pang'onopang'ono.

"Ndani?" anakalipa a Mtchona. "Ndi nyama yanji yachita zimenezi? Munthu woyamwa bere la mayi angalozetse paipi yachimbudzi pakasupe?"

"Tiyeni tizipita, achimwene. Ndikakugulirani madzi pashopu."

"Ndikufuna ndimuone nkhope."

Anakwera motsatira paipiyo, akugwira udzu, mpaka anatulukira kuseri kwa nyumba ya buluu. Atazungulira kumaso anaima chilili. Nyumbayo ankaidziwa. Chithunzi chake chinali pakhoma kunja kuja, m'felemu: khonde, maluwa awiri m'matayala, mng'ono wawo atavala tayi. Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo anamutumizira thandizo kuti amange malo opumulirapo apaulendo pampata, ndipo alendo onse obwera kunyumba ankaonetsedwa chithunzicho. Chimene chithunzi chinadula ndi chikwangwani cha pamwamba pa khomo: CHIMBUDZI NDI BAFA, ZOLIPIRA.

Pakhonde panakhala mayi wina akung'amba pepala lofewa m'tizidutswa tofanana. Ataona mng'ono uja akubwera wefuwefu anadzuka.

"Mwafika, bwana? Kapena awa ndi eni ake aja mumanena?" Anawomba m'manja mwaulemu. "Takulandirani, bwana wamkulu. Malo anu akuyenda bwino zedi. Sitipuma."

A Mtchona anatembenukira mng'ono wawo. "Ndinati malo opumulirapo."

"Nanga sakupumula? Achimwene, mabenchi anu aja ndinaika. Chaka chathunthu panabwera azungu awiri okha a njinga, anagawana botolo limodzi la madzi. Apa chimene munthu amafuna ndi pokhala pawiri, pagalimoto ndi apa."

"Nanga paipi?"

"Dzenje linakana. Tinakumba kufika m'chiuno, pansi ponse mwala. Likadzaza, galimoto yopopa imati singakwere phiri. Ndiye ndikanatani, ndizimwa?"

"Sunandiuze bwanji?"

"Munafunsapo? Inu mukaimba foni mumafunsa ngati kumazizirabe."

Mtsikana uja anali atafika, ndipo anafunsa m'Chichewa chake chodukaduka, akuyang'ana mayi uja osati bambo ake. "Madzi awa akatsika, amapita kuti?"

"Kumidzi ya m'munsimu, mayi. Ndi omwe timatunga."

"Ana amatsegula m'mimba?"

"Ii, nthawi ya mvula ndiye osanena."

A Mtchona analunjika pakhomo la chimbudzicho. Anasolola loko yemwe anali lende pachitseko, anakankha chitsekocho, n'kukhoma kuti khetye. Kiyi anaika m'thumba.

"Kuyambira lero pano patsekedwa."

"Mwaganiza bwino, achimwene?"

"Ndaganiza mochedwa."

Sipanathe mphindi zisanu. Madalaivala atatu anali ataima kale pakhonde, wina thaulo lili pakhosi, wina wamkulu thupi atagwira pamimba ndi manja onse awiri.

"Akulu, tsegulani. Nkhani zanu zapachibale mukakambirane kunyumba."

"Patsekedwa. Zonyansa zanu zikuthera m'kasupe."

"Kasupe?" Wathaulo anaseka. "Madala awa atsika ndege iti?"

Wamkulu thupi uja sanatsutse. Anangotembenuka, akumasula lamba ali m'njira, n'kutsetsereka ndi kanjira kakumanzere komwe kaja. Anakanjuta kuseri kwa thanthwe, mutu wokha ukuonekera, pamalo enieni pomwe a Mtchona ankagwada.

"Tisanamange ankapita kumeneko onse," anatero mng'ono wawo chapansipansi. "Mathiraki alipo mazana awiri lero."

Wachiwiri anali atayamba kale kulowera komweko. A Mtchona anapisa m'thumba. Atatsegula loko anagwira chitseko okha kuti wathaulo adutse. Mayi uja anamupatsa kachidutswa kake ka pepala n'kukhalanso pampando.

Mwana wawo anabwera ndi botolo la madzi la pashopu. Anamwa theka, linalo n'kuwapatsa.

"Imwani, adadi, milomo yauma." Anadikira mpaka atameza. "Kuchipatala cha m'munsimo sindingakagwire ntchito. Mwana akabwera akutsegula m'mimba, mayi ake n'kundifunsa kuti ndine mwana wa ndani, ndidzati chiyani?"

"Tikonza, mwanangu. Ndipeza anthu oswa miyala."

"Mukakonza mudzandiuze. Koma osatumiza chithunzi."

Mtsikanayo anakatenga njinga yake pampanda, anaitembenuzira kumene anachokera, n'kuyamba kutsika osapalasa. A Mtchona anatsala. Anaima pakhonde la nyumba yawo, mzere wa madalaivala ukukulirakulira, mpaka wina anawagwira paphewa.

"Pepani akulu, muli pamzere kapena mwangoima?"