Khanda Lofatsa la Lusizi

Lusizi atabwera nalo khanda kunyumba kwawo ku Kande, aliyense analiyamikira kuti ndi lofatsa. Silinkalira, linkangogona. Koma mayi wake mtima sunali m'malo. Mawere anali atadzaza mpaka kuwawa, mwana osayamwa, ndipo kathupi kake kanali kozizira.

"Thokozani Chiuta, alamu," anatero Fanny, mchemwali wa mwamuna wake. "Anga aja ankalira mpaka ku msewu kumamveka. Komanso mchombo usanagwe mwana satuluka m'nyumba. Mwayiwala mwambo?"

Fanny pakamwa anali napo, ndipo kutsutsana naye kunali kutaya nthawi. Lusizi anangomufunditsa mwanayo, n'kukatenga mwamuna wake Robson ku loji ya alendo komwe mwamunayo ankaphika, ulendo wa ku chipatala chachikulu pa minibasi.

Namwino Prisca atamuyeza mwanayo, nkhope inasintha. Anatulutsa jakisoni wotengera magazi, koma Robson anatchinga ndi dzanja.

"Kamwana kochepa chonchi, magazi ake ndi angati oti muchotsekonso?"

"Bambo, sadzaza n'kasupuni komwe," anayankha namwinoyo modekha. "Tikuganiza kuti m'magazi mwake mwalowa tizilombo, ndipo mankhwala tiyamba pompano. Koma tizilombo tina sitimva mankhwala amene timayambira. Njira yakale, timadikira masiku kuti tizilomboto tichuluke m'chipinda choyezera tisanatidziwe, pomwe khanda silidikira. Kuno tikuyesa makina amene amazindikira kachilombo pofufuza chibadwa chake m'magazimo. Yankho limabwera tsiku lomwelo."

Robson anakanda kumutu. Mantha anali atamugwira, ndipo analibe pobisala.

"Ada," anatero Lusizi kwa mwamuna wakeyo, "mwana ndi wanu, inde, koma amene akudziwa kuti sakuyamwa ndine."

Robson anachotsa dzanja lija.

Madzulo zotsatira zinabwera. Kachilombo kanapezeka, ndipo kanalidi kosamva mankhwala oyamba aja. Dokotala anasintha mankhwala nthawi yomweyo. Lusizi anakhala pambali pa mwana wake masiku angapo, akufinyira mkaka m'kapu kuti umwetsedwe kudzera m'kapaipi ka pamphuno. Zakudya zimene Robson ankabweretsa zinkabwerera momwemo.

M'mawa wina Fanny anafika ndi mtanga wa ufa wa kondowole, akuyenda mwamanyazi. Anapeza namwino akuchotsa kapaipi kaja n'kumupereka mwana kwa mayi wake. Kamwana kanatembenuza mutu, kanafunafuna, kenako kanagwira bere mwamphamvu moti Lusizi anakuwa ndi ululu. Anaseka misozi ili chuchuchu.

Fanny anatula mtanga pansi.

"Alamu," anatero chapansipansi, "mukanandimvera ine, ufa uwu ukanakhala wa pamaliro."

Phunziro: Khanda likasiya kuyamwa, likamangogona, likazizira kapena kutentha thupi, thamangirani nalo ku chipatala ngakhale mchombo usanagwe, ndipo lolani kuti magazi ake ayezedwe msanga.