Funso Lachisanu pa Fomu ya Apongozi

"Akana," anatero Esnath, akuponya kalata pamiyendo pa mwamuna wake. "A inshuwalansi akana kulipira."

Rodrick anazimitsa injini. Mvula ya ku Wakefield inkawaza pagalasi. Kutsogolo kwawo kunali chipatala chimene Esnath ankagwirako unesi. M'wodi ya m'mwamba munagona mayi ake a Esnath, a Nachisale. Tsiku lachisanu ndi chimodzi.

"Akuti chifukwa?"

"Akuti pa fomu tinalemba kuti alibe matenda. Munthu wa shuga! Kodi munawafunsa, bambo a Joan?"

"Ndinawafunsa."

Bodzalo linatuluka lokha, loterera ngati therere.

A Nachisale anali mphunzitsi wopuma. Anali ndi kasikimu ka chipatala ka anthu a penshoni, koma kankathera pa Chileka. Akangokwera ndege, basi. Choncho asanabwere kudzaona mdzukulu, panafunika inshuwalansi ina yotseka mpatawo. Esnath anali m'mashifiti osatha. Ntchito ya fomu anasiyira mwamuna wake.

Tsiku limenelo Rodrick anaimba foni ku Ntcheu. Dzina anafunsa. Tsiku lobadwa anafunsa. Kenaka funso lachisanu: matenda amene muli nawo, mankhwala amene mumamwa, opaleshoni ya m'mimba kapena ya chiberekero. Apongozi! Munthu amene kumudzi amamupatukira panjira. Zaka zisanu ndi zinayi za ukwati, sanayang'ananepo m'maso. Lero awafunse za chiberekero?

"M'thupimo muli bwanji, amayi?" ndi zokhazo zimene anakwanitsa.

"Tili bwino, kaya inu kumeneko?"

Anachonga "ayi" mpaka pansi. Za shuga anali asanazimvepo. Zoterezo mayi ndi mwana amanong'onezana okha.

Tsopano anakwera masitepe, Esnath patsogolo, kalata m'manja. M'wodi anapeza a Nachisale atatsamira pilo, atamanga duku lawo bwinobwino. Rodrick anaima kumiyendo kwa bedi, maso pansi, monga mwa nthawi zonse.

Esnath sanapereke n'komwe moni.

"Amayi, mphunzitsi wathunthu kubisa matenda? Mkamwini wanu akufunsani, inu n'kumuyankha kuti muli bwino? Bilu ndi mapaundi naini sauzande. Ikapanda kulipidwa, viza sadzakupatsaninso. Joan muzidzamuonera pa foni mpaka adzakwatiwe!"

A Nachisale anayang'ana nsapato za Rodrick, nsapato zolemera za ku weyahausi, kosungira katundu kumene ankagwira ntchito. Anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Ee, anafunsa," anatero. "Ndinaiwala ndine. Ukalamba, mwanangu."

"Kuiwala jakisoni wa tsiku lililonse?"

"Ndati ndinaiwala. Umuimbire mlongo wako, Sunday uja, apeze wogula nyumba ija."

Nyumba ija Rodrick ankaidziwa. Zipinda zitatu, malata ofiira, mango kuseri. Zaka makumi atatu ndi ziwiri za choko zinathera pamenepo.

Rodrick anagwada pansi. Mzungu wokalamba wa bedi loyandikana anatsitsa nyuzipepala.

"Sindinawafunse."

"Mwati chiyani?" anatero Esnath.

"Sindinawafunse. Mafunso ake anali a m'thupi. Ndinachita manyazi."

"Manyazi! Osandidikira ine bwanji? Nyumba yomweyo, bedi lomwelo! Ndiye mwandisiya ndikalipire amayi anga pamaso pa azungu, inu mutaima phee ngati mtengo wa magetsi?"

Esnath anatambasula dzanja.

"Makiyi. Ndikatenge mwana kusukulu. Inu mubwera pa basi."

Anatuluka. Mzungu uja anakwezanso nyuzipepala yake.

"Safunsa anadya phula," anatero a Nachisale chapansipansi. "Koma phula lanuli, apongozi, mwatidyetsa tonse."

"Nyumba isagulitsidwe, amayi. Ndikatsika pano ndipita ku ofesi ya malipiro. Alembe dzina langa. Ndizilipira mwezi ndi mwezi, kaya zaka zingati."

"Mukalembetsedi. Koma dzukani kaye, mukundichititsa manyazi. Khalani pampandopo. Ayi, osati uko. Pano."

Rodrick anakhala. Anali asanawayandikirepo chotero.

"Cholembera muli nacho?"

Anachipeza m'thumba la jekete, pamodzi ndi tikiti yakale ya sitima ya ku Leeds.

"Lembani. Shuga, chaka chachitatu. Biipi. Bondo lamanzere. Chiberekero anachotsa mu 2004."

Makutu a Rodrick anatentha. Analemba, maso ali pa tikitiyo.

"Ndipo muzindiyang'ana ndikamalankhula. Ana a Sitandade 5 ankatha, inu mulephere?"

Rodrick anakweza maso.

"Pitirizani, amayi," anatero.