Mwala wa Pakhomo pa Taous

"Amayi, yendani pang'onopang'ono, mugwa," anatero Sekoura.

Ouardia sanamvere mwana wakeyo. Linali tsiku lachitatu chimwalirireni mwamuna wake, Si Belaid, tsiku limene akazi amapita kukaona pamene amuna anaika maliro. Ankafuna kukafika Taous asanafike.

Dzina limeneli linamudya moyo ukwati wake wonse. Pa nkhondo yomenyera ufulu, Taous ankamanga mabala a ankhondo kumapiri, Belaid ali mtsogoleri wawo. Nkhondo itatha Belaid anakhala meya, kenako phungu wa nyumba ya malamulo, koma Lachisanu lililonse akatuluka mumzikiti ankauza dalaivala kuti akhotere kwa Taous. Ouardia ankatsala akuyang'ana chakudya chikuzizira patebulo. Sanafunsepo kanthu, nsanjeyo anangoilera mumtima mpaka kumera nayo imvi.

Tsopano anzake a Belaid akunkhondo anali atamulanda ndi mtembo womwe. Anakauika kumanda a ngwazi, kumene mkazi wongophika ndi kubereka saikidwako. Taous ndiye adzagone kumeneko, poti ndi wankhondo.

Anamupeza atafika kale, nkhalamba youma ngati nkhuni, itatsamira ndodo.

"Mwalawirira kudzayeza malo anu, mayi?" anafunsa Ouardia.

"Amayi, anthu akuona," Sekoura ananong'ona.

"Aone. Ali moyo tinkagawana, lero amutenga yense."

Taous sanapse mtima. Analoza ndi ndodo manda akale amene mtumbira watsopanowo unayambira kumapazi kwake.

"Tawerenga apo, mwanawe."

"Akli Ath Yahia," anawerenga Sekoura.

"Mwamuna wanga ameneyo," anatero Taous. "Akli atawomberedwa, Belaid anamubereka kumsana phiri lonse. Asilikali a adani atayandikira anamusiya pansi pa mkuyu, akupumabe, kuti apulumutse enawo. Malo ano bambo ako anachita kupempha okha, kumapazi kwa Akli."

Ouardia anaseka motsonya. "Ndiye Lachisanu lililonse munkakamba zimenezo, awiriwiri m'nyumba?"

"M'nyumba mwa ndani? Ankakhala pamwala panja pa chitseko, galimoto ya boma ikudikira kumsewu. Sindinamutsegulirepo. Mvula ikagwa ankanyowa pomwepo, akatopa n'kumapita."

"Mwamuna wanga, phungu wathunthu, pamwala ngati wopemphetsa? Ngakhale khofi osamupatsa?"

"Ngakhale madzi."

Ouardia ankayesa kuti mtima utsika, koma nsanje ija inangotembenukira kwina, n'kuwawa koposa kale. Kunyumba Belaid ankabwera ndi mamendulo, mawu apamsonkhano ndi ukali. Sanapepesepo munthu, ngakhale mkazi wake. Belaid wowerama mutu, amene Ouardia akanakonda kumuona ngakhale tsiku limodzi, anakathera pakhomo pa mkazi wina, amenenso sankamufuna n'komwe.

"Munali naye munthu weniweniyo," anatero motsitsa mawu, "ine ndinali ndi phungu."

Taous anatulutsa botolo la madzi m'shawelo mwake n'kuyamba kuthira pamanda a Akli, monga amachitira akazi akabwera kudzaona akufa awo. Botolo litafika pakati anaima nthawi yaitali. Kenako anasendera kumtumbira wa Belaid.

Ouardia anatambasula dzanja kuti amuletse, koma analibweza. Madziwo analowa msanga m'dothi lofiira.