Mizere Yosatuluka pa Pepala

"Ingokonzani kuti pepalali lituluke, basi," anatero a Dokotala akuponya fulashi ya kompyuta patebulo.

Fulashiyo inali yonata ndi mafuta a chakudya, ndipo Namadontho anaitola ndi nsonga za zala. Dzina limeneli anamupatsa ndi ophunzira a payunivesitipo, chifukwa sankalola ngakhale kadontho kamodzi kukhala posayenera. Kwa zaka khumi ndi zitatu ankayala mabuku a kafukufuku m'kachipinda ka kuseri kwa laibulale. Pulogalamu yake ya pakompyuta sinali yodziwika yolembera makalata ija. Umalemba mawu pamodzi ndi zizindikiro zouza kompyuta kuti apa ndi mutu, apa ndi tebulo la manambala, kenako iyo imayala masamba yokha.

A Dokotala, mphunzitsi wa za madzi, anati nkhani yawo ya zitsime zakuda imayenera kutumizidwa ku magazini ya akatswiri Lachisanu, ndipo kukwezedwa kwawo pantchito kumadalira imeneyo. Koma fayilo imangokana.

Namadontho atatsegula, anakwinya nkhope. Ndime ziwiri zoyambirira zinali nyansi zokhazokha: mipata yokankhira mawu pakati, manambala a matebulo olembedwa pamanja, mitu yongodetsedwa. Anawauza kuti tebulo umalipatsa dzina, nambala n'kubwera yokha, kuti ukalisuntha zisasokonekere. Iwo ankangokanda foni. Vuto lenileni analipeza pamzere wa mayina a olemba: wina anafufutapo kanthu, n'kufufutira limodzi bulaketi yotsekera. Bulaketi iliyonse yotsegula imafuna inzake, apo ayi kompyuta imaima.

Chomudabwitsa chinali chakuti kuyambira tsamba lachiwiri fayiloyo inali yaukhondo, ngati inalembedwa ndi munthu wina. Anatsika nayo pang'onopang'ono mpaka anafika pa mizere yoyamba ndi chizindikiro cha peresenti. Mizere yotere kompyuta imaidumpha. Situluka pa pepala, koma mufayilo imakhalamobe. Anthu amalembamo zodzikumbutsa.

Mzere wina unati: Chitsime cha 14 ndikayezenso, tsikulo ana anadwala. Winanso unati: Anamadontho anati ndisamaike mipata pamanja.

Namadontho anamukumbukira bwino make mapasa, wophunzira amene zaka ziwiri zapitazo ankakhala pabenchi lomweli, wina kumsana wina pamwendo, kuphunzira zizindikirozi chimodzichimodzi. Kafukufuku wake wa zitsime anakanidwa kuti ndi wosakhwima, ndipo woukanayo anali a Dokotala omwewa. Mayiyo anabwerera kukaphunzitsa kupulayimale wopanda digiri.

"Kodi pamzere wa mayinapa munafufutapo ndani?" anafunsa Namadontho.

A Dokotala anayankha mosayang'ana n'komwe kuti panali kamtsikana kena kamene kanangowathandiza kutunga madzi. Namadontho anawatembenuzira kompyuta. Iwo anawerenga mizereyo milomo ikugwedera, kenako anaseka, n'kuwerama mpaka mpweya wawo unamufika pakhosi. Anati zimenezo n'zazing'ono, angozichotsa, ndipo iwo akamulankhulira kwa akuluakulu kuti amupatse ofesi yabwino.

Namadontho anakankhira mpando kumbuyo. Si kuba kokha kumene kunamunyansa. Munthuyo anali asanawerenge n'komwe chimene anabacho.

"Bulaketi ndaibwezera," anatero. "Dzinalo mulembe nokha ndi zala zanu. Mukapanda kutero, kayalitseni kwina."

A Dokotala anazula fulashi yawo. Ali pakhomo anamukumbutsa kuti iye ndi wotayipa chabe, ndipo otayipa ndi ambiri m'tauni. Chitseko anachisiya chosatseka.

Namadontho ankadziwa kuti bamboyo amadya ndi akuluakulu, ndipo iye kachipindaka akhoza kukatuluka mwezi usanathe. Anatsegula dirowa, natulutsa kope lakale la manambala a ophunzira, n'kuimba.

Make mapasa anayankha pakati pa phokoso la ana asukulu. Namadontho anamufunsa ngati fayilo yake yoyamba ija akadali nayo. Anati ilipo, ngakhale kuti sanaitsegulenso chikanidwireni, chifukwa ikamubwerera m'maganizo chakudya sichilowa.

"Usaifufute, mng'ono wanga. Mawa upemphe tchuthi, tikaonane ndi mkulu wa kafukufuku. Ndikakhala mboni yako."

Make mapasa anafunsa:

"Ndibwerenso ndi makope a kuzitsime aja, achemwali?"

"Onse," anatero Namadontho. "Ngakhale onyowa aja."