Nyimbo Imene Eston Anasankha

Chipwitikizi ndinachiphunzira ku Tete, kumene bambo anga ankayendetsa malole, ndipo sichinandipindulirepo kanthu. Kuno ku Leicester ndiye chinangondichititsa manyazi.

Dyna ndi mtsikana amene ndimagwira naye ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Evington. Ukwati wake unali utatsala milungu itatu. Holo ya ku Highfields anali atabukitsa kale, nsalu ya yunifomu itafika kuchokera ku Limbe, ana a masitepe akuyeserera Loweruka lililonse. Tsiku limenelo titaweruka shifiti ya m'mawa tinakhala mpando umodzi m'basi, mvula ikuwaza pagalasi.

"Anti Jestina, tamverani iyi," anatero akundiika foni kukhutu. "Eston akuti tidzalowere imeneyi mu holo. Ndi ya ku Brazil, ya m'Chipwitikizi. Ikuti chiyani?"

Eston ndiye mwamunayo. Dyna atakweza dzanja, juzi inatsetsereka, ndipo pamkono ndinaona mikwingwirima ya zala. Sikanali koyamba kuiona.

Nyimboyo kukoma kwake, ayi ndithu, phazi limagunda lokha. Koma mawu ake, mayo ine! Mwamuna akuuza mkazi kuti ndakuswera foni chifukwa ndimakukonda, misozi yako imandikomera, ukadzandisiya palibe wina adzakutenge.

Ndinafuna kumuuza zoona. Koma kwathu munthu wamkulu sapasula ukwati nsalu zitasokedwa kale. Azimayi a kutchalitchi akanati chiyani? Akanati Jestina banja linamukanika, ndiye wayamba nsanje. Ndiponso ankhoswe alipo, ine ndine ndani?

"Aa, ndi zachikondi basi," ndinatero. "Akuti sangakhale popanda iwe. Akuti umamupengetsa."

"Basi?"

"Basi, mwana wanga."

Anandiyang'ana. Kenako anadina pafoni nkundionetsa. Mawu onse anali atamasuliridwa kale m'Chingerezi, mzere ndi mzere, osasiyako ndi limodzi lomwe.

"Ndinawerenga Lolemba," anatero motsitsa mawu. "Za Eston ndinawauza mayi, akuti banja ndi kupirira. Abusa akuti tipemphere. Ndiye ndinati Anti Jestina sapsatira mawu. Akanena ndi pakamwa pawo kuti nyimboyi ndi yoopsa, ndiimitsa zonse."

"Dyna, dikira, ndikuuze bwinobwino..."

"Musavutike, anti. Mwanena kale."

Basi itaima pa London Road anatsika. Eston anali akumudikira m'galimoto, ndipo ndinamuona akulanda foni ija Dyna asanatseke nkomwe chitseko. Ndinamuimbira Dyna madzulo ake, sanayankhe. Kuntchito ankangondipatsa moni waulemu nkudutsa.

Ndinadzida, ndipo mpaka lero ndimadzida. Ine wolongolola ngati wailesi, pofunika kulankhula ndinameza lilime.

Ku ukwati ndinapita nditavala yunifomu yangayo. Analowera nyimbo yomweyo, Dyna atavala diresi la manja aatali, azimayi akululutira. Mu holo yonseyo amene tinkadziwa mawu ake tinalipo atatu, ine, Dyna ndi Eston, ndipo inenso ndinaimirira nkuomba m'manja.