Zala Zitatu Pakhomo la Galaja

Galimoto ya a Dizilo inalowa m'galaja bwinobwino, osakhula khoma, osagunda pamwamba. Tiyambire pamenepo, chifukwa anthu a mumsewu uja amaikamba nkhaniyi ngati bamboyo anali chitsiru chibadwire. Ayi ndithu. Anali mphunzitsi wa masamu, munthu woyenda ndi tepi yoyezera m'thumba la malaya. Dzina la Dizilo anawapatsa ndi ana a sukulu, atatopa ndi mafunso awo omwe onse ankayamba ndi galimoto yomwa malita akutiakuti a dizilo pa mtunda wakutiwakuti.

Galimotoyo anaisankha pa foni, poona zithunzi khumi ndi ziwiri. Inayenda pa sitima yapamadzi miyezi iwiri, n'kufika ndi fungo la eni ake akale, mabatani olembedwa zilembo zachilendo, ndi wailesi yopereka moni m'chinenero chimene palibe anachimva. Inali ya dizilo, yokoka ndi matayala onse anayi. Ndipo sanaigule mwachibwana. Kwawo kwa akazi awo kunali kuseri kwa mapiri, kumene mvula ikagwa basi imathera pamlatho, kotsalako n'kwapansi, matope olekeza m'mawondo. Kumeneko kunali apongozi awo aamuna, okalamba, odwala mtima.

"Iyi ndagulira bambo," anatero a Dizilo tsiku limene anailowetsa chafutambuyo m'galaja, mphuno italoza kugeti. "Akadzadwala sitidzapempha munthu."

Akazi awo analira ndi chimwemwe tsiku limenelo. Chimenecho a Dizilo sanachiiwale.

Kenaka inayamba ntchito. Loweruka lililonse a Dizilo ankavala ovolosi n'kudzitsekera m'galaja ndi jeke ndi masipanala. Anachotsa masipuling'i ake n'kuika olimba, okweza galimoto m'mwamba. Anagula matayala akuluakulu a mano. Anaika bampala yachitsulo, ndi paipi yopumira injini yokwera m'mbali mwa galasi, yoti akawoloke nayo mitsinje. Pomaliza anaitana wowotcherera zitsulo kuti apange kaliyala wa padenga, wa miyendo isanu ndi itatu.

"Timange ndi mabawuti?" anafunsa a Dizilo.

"Mabawuti akuba amamasula, bwana. Tiwotcherere basi. Uyu ngakhale njovu itamukwera sangasunthe."

Anawotcherera. Miyezi isanu ndi iwiri inatha galimoto isanaone dzuwa. Akazi awo akafunsa, yankho linali limodzi: "Tidikire pang'ono, mayi. Ikamatuluka muno ituluke yokwana." Koma tinene zoona, poti eni ake sankazinena. A Dizilo ankauopa msewu wa kumapiriwo. Anaphunzira kuyendetsa atakula kale, pa tala, ndipo phompho ankangoliona pawindo la basi atagwira mpando zolimba. M'galaja munalibe phompho. Chitsulo chilichonse chimene ankawonjezera chinkawapatsa sabata ina yosapita.

Lachiwiri lina m'mawa, mvula itagwa masiku anayi, alamu awo anaimba foni. Bambo sakudya, akupuma movutikira, ndipo namwino wa kuchipatala chaching'ono wanena kuti apite kuchipatala chachikulu msanga. Ambulansi yabwerera pamlatho.

"Alamu, galimoto ija si ilipo?"

"Ilipo, alamu. Tikunyamuka pompano."

Akazi awo analongedza chikwama, mabulangete awiri ndi pilo woti odwala adzatsamire. A Dizilo anatsegula zitseko za galaja. Analiza injini, inayankha ndi mawu ake okhuthala aja, utsi n'kudzaza m'chipindamo. Anaponya giya, galimoto inasuntha, bampala inatuluka, boneti inatuluka, ndiye padenga panamveka kuti gu!

Anabwerera m'mbuyo, natsika, natulutsa tepi. Sipanafunikenso tepi. Kaliyala anali atapitirira mtanda wa simenti wa pamwamba pa khomo ndi zala zitatu. Munthu amene anayeza bawuti iliyonse, amene anayeza ngakhale kutalika kwa mano a matayala, khomo sanaliyeze. Akanaliyezeranji, pamene galimoto inalowera pomwepo?

"Bambo, chachitika n'chiyani?"

"Palibe, mayi. Kanthu kakang'ono."

Anaphwetsa matayala onse anayi mpaka anakhala phwatalala, poti pampu anali nayo yodzapopera kunja. Anayezanso. Panatsala chala chimodzi.

Phokoso lija linali litaitana anthu. Kunabwera telala wa pakona, tepi yakenso ili m'khosi, wometa tsitsi, ndi mayi wogulitsa makala, yemwe thupi anali nalo ndithu. Mutu umodzi susenza denga, anatero telala, ndipo onse anakwera m'galimoto kuti itsike ndi kulemera. Anawonjezamo matumba awiri a makala ndi mulu wa njerwa. Galimoto sinamve kanthu. Masipuling'i aja, amene a Dizilo ankawatamanda kwa aliyense wodutsa, anagwira ntchito imene anagulidwira.

"Ine ndiye koyamba kundinena kuti ndine wopepuka," anatero mayi wa makala potsika. Anthu anaseka. Akazi a Dizilo sanaseke.

Anaimbira wowotcherera uja kuti abwere adzadule kaliyala.

"Bwana, magetsi azima chim'mawamawa dera lonse. Makina anga odulira sadya nsima, amadya magetsi. Ndi sowo wamanja? Miyendo isanu ndi itatu ya paipi ijayi? Mwina mawa madzulo. Paja ndinakuuzani kuti ngakhale njovu..."

A Dizilo anadula foni. Anapita kukagogoda kwa eni nyumba, mayi wamasiye wokhala kuseri kwa mpanda womwewo, nawapempha, chipewa chili m'manja, kuti aswe pang'ono pamwamba pa khomo.

"Aphunzitsi, mtanda umenewo ndi umene wanyamula denga la nyumba yonse, ndi chipinda chimene mumagona chomwe. Ndikumva chisoni ndi odwalawo, koma nyundo ayi. Pansinso musakumbe, mukudutsa paipi ya madzi."

Pobwerera anapeza akazi awo atatsitsa chikwama m'galimoto, ataima nacho pakhonde. Sanakalipe. Kukalipa kukanakhala bwino.

"Basi yomaliza imanyamuka thwelofu koloko. Ndikaiphonya, ndiye mpaka mawa."

"Ndiye mukafika pamlatho mukatani, mayi? Mukawanyamula kumsana?"

"Ndikawaona ndi maso. Inu mwandidikiritsa miyezi isanu ndi iwiri, bambo. Lero lokha musandidikiritse."

"Kamodzi kokha. Ndiyese kamodzi kokha."

Madzi akafika m'khosi, munthu amamvera aliyense. Wometa tsitsi, amene sanagwirepo chiwongolero chibadwire, ndi amene anapereka nzeru. Chala chimodzi si kanthu, anatero. Muiyambire kumbuyo kwenikweni, mubwere ndi liwiro, chitsulocho chipindika chokha. A Dizilo ankadziwa kuti paipi ija singapindike. Masamu ake ankawadziwa. Koma anayang'ana akazi awo ndi chikwama chija, nalowa m'galimoto okha, natseka chitseko.

Anaibweza mpaka inagunda khoma la kumbuyo. Anaika giya yamphamvu, ija yokwerera mapiri, imene anali asanaigwiritsepo ntchito. Anaponda mafuta.

Chitsulo chinalira, fumbi la simenti linagwera pagalasi, nyumba yonse inagwedezeka, eni nyumba anakuwa kuseri. Kaliyala analowa pansi pa mtanda pafupifupi mkono wathunthu, n'kuima nji. A Dizilo anapondanso, matayala ophwa aja anangozungulira pamalo amodzi, akununkha mphira. Anayesa kubwerera m'mbuyo, chimodzimodzi. Anazimitsa injini.

Atakankha chitseko, chinatseguka pang'ono n'kugunda chipilala cha khomo. Anakwawira mbali inayo, nakonso chipilala. Zitseko za kumbuyo zinkatseguka, inde, koma zinkatsegukira m'galaja, ndipo galajayo khomo lake linali limodzi lomwelo, limene galimoto inali italitseka ngati chivindikiro pabotolo. Anabwerera pampando wawo nakhala.

Kunja telala anavula tepi yake n'kuipinda. Kudzera pagalasi lafumbi, a Dizilo anaona akazi awo akutsika pakhonde, akubwera mpaka pa bampala. A Dizilo anatsitsa windo, mawu n'kumadutsa pampata wa pakati pa galimoto ndi chipilala.

"Mwavulala?"

"Ayi."

"Mabulangete ali kumbuyoko. Mungandipatsire?"

Anatembenuka, nawatenga, nayesa kuwakankhira pampatapo. Limodzi linadutsa, likukhula njerwa, akaziwo akukoka kunja. Lachiwiri linali lokhuthala, linakana. Pilo sanamuyese n'komwe.

"Limodzi lomweli likwana," anatero mayiwo, akulikutumula fumbi.

"Magetsi akangoyaka, mayi, ndikutsatirani. Mawa lomweli ndifika."

Akazi awo anawayang'ana nthawi yaitali. Sanali maso a mkwiyo. Anali maso a munthu amene wasiya kuwerengera mnzake, ndipo a Dizilo anachita manyazi amene sanawamvepo moyo wawo wonse.

"Nanga bambo akafunsa, mukawauza chiyani?"

"Ngati ndikawapeze akumva, ndikawauza kuti munayesa."

Mayi wa makala anawasenzetsa akaziwo chikwama pamutu. Wometa tsitsi anathamanga kukatsegula geti, zitseko zonse ziwiri, ngati mukutuluka galimoto, kenaka anazindikira n'kubweza chimodzi. A Dizilo anafuna kufuula kuti wina awaperekeze kudepoti, wina awanyamulire chikwamacho, koma akanafuula bwanji? Imeneyo inali ntchito yawo, ndipo msewu wonse unkadziwa.

Anakhala atagwira chiwongolero ndi manja awiri, pilo wa apongozi awo ali pamiyendo, akuona akazi awo akulambalala zithaphwi, akukhota pakona pa telala osacheuka. Ndipo pansi pa manyazi onsewo anapeza kanthu kena, kamene kanawaliza misozi anthu akuona: mtima wawo unali utapepukako, poti lero sakayendetsa m'mphepete mwa phompho.